Lekani Kuuza Mwana wa M'komboni Kuti Piyano ni ya Azungu

M'kalasi langa la Giledi 12 muli mnyamata amene sinimuchula dzina, cifukwa ine na atate ake tikali kupatsana moni pa msika wa Bauleni. Pa Sondo paliponse mnyamata ameneyu amaliza kiyibodi pa chalichi cina ca m'komboni muno, kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Abusa akafika pa mawu olasa mtima, iye amakhala atafika kale na zala zake. Amadziwa pofunika kutsitsa, amadziwa pofunika kuleka kuti mpingo umve kupuma kwake. Azimayi akayamba kupukuta misozi na citenge, onse amati ulaliki wa lelo unali na mphamvu. Mapemphelo akatha, mnyamata amalandila mbale ya nsima na ka ndalama ka basi, ngakhale kuti kunyumba amayenda wapansi.

Temu yatha, kagulu kathu ka sewelo kanakonza sewelo la mtsikana amene anataya amayi ake na kolela. Mnyamatayu anapempha kuti aikemo nyimbo. Anazipanga pa foni yong'ambika galasi, usiku, malaiti akabwela. Pamene mtsikana wa m'sewelo anali kupinda zovala za malemu amayi ake, panamveka tumawu tutatu cabe twa piyano, tobwelezabweleza pang'onopang'ono. Kumapeto, mtsikana uja atavala yunifomu kubwelela kusukulu, tumawu tomweto tunabwelanso, koma manje tothamanga, tuli na ng'oma pansi pake. Palibe anamuphunzitsa kuti ni mmene opeka nyimbo za mafilimu amacitila. Anazipeza yekha. Holo yonse inakhala cete, ngakhale anyamata a kumbuyo amene sakhala cete olo pa mayeso.

N'napita kukaona atate ake. N'nawauza kuti mwana wawo ali na mphatso yopeka nyimbo, ndipo afunika kuiphunzila bwino. Ananimvetsela mwaulemu, n'kuniyankha kuti: "Ba Ticha, ivo ni vinthu va bazungu. Mwana wanga si wa ku Kabulonga. Akasiliza sukulu azayenda ku galaji kwa ba malume bake."

Sin'nakangane nawo. Ni bambo amene amauka 4 koloko kuti ana ake adye, ndipo galaji ni nchito yaulemu. Koma mawu amenewo nawamva kambili maningi, kwa makolo, kwa abusa, kwa aphunzitsi anzanga, ngakhale kwa imwe acinyamata amene mumaseka mnzanu akakamba kuti afuna kuphunzila manoti. Conco lelo nifuna kukangana nawo mawuwo, poyela. Nikuti ni bodza, ndipo bodza limeneli likutidyela ndalama, nchito na ulemu.

Tiyambe na nchito yeniyeniyo, cifukwa ambili saidziwa. Wopeka nyimbo za filimu amakhala pansi na wotsogolela filimu, n'kuipenyelela yonse ikalibe nyimbo iliyonse. Amagwilizana kuti nyimbo iyambe pa sekondi iti, ithe pa sekondi iti, na malo ofunika kusiya zii. Kucoka apo amapeka. Munthu aliyense wamkulu m'nkhaniyo angapatsidwe kanyimbo kake, kamene kamasintha mogwilizana na zimene zikumugwela. Ambili amapekela pa piyano, cifukwa pa makiyi ake 88 pali mawu onse, kuyambila a besi mpaka a citolilo. Akatsiliza amalemba manoti kuti oimba ena awelenge, kapena amajambula zonse pa kompyuta. Ndiyeno pamalembedwa pepala loonetsa nyimbo iliyonse, utali wake na mwini wake, kuti filimu ikaonetsedwa pa TV, mabungwe monga ZAMCOPS adziwe wofunika kulandila ndalama. Ni nchito ya manja na mutu, ili na zida zake na malipilo ake, monga ukalipentala.

Manje tiyeni tione amene akuigwila nchitoyi pa nkhani zathu. Rungano Nyoni anabadwila mu Lusaka. Filimu yake ya I Am Not a Witch inatuluka mu 2017, ndipo mu 2018 inamupatsa mphoto ya BAFTA. Anthu a m'filimuyo amakamba zinenelo zathu, fumbi lake ni lathu. Nyimbo zake anapeka ni Matthew James Kelly, ndipo munamvekanso Vivaldi. Mu 2024 mayi yemweyu anatulutsa On Becoming a Guinea Fowl, nkhani ya malilo a m'banja la kuno kwathu, n'kupata mphoto ku Cannes. Nyimbo zake anapeka ni Lucrecia Dalt wa ku Colombia. Kwa anansi athu ku Malawi, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu inakhala filimu mu 2019, anthu akukamba Cicewa cokhacokha m'malo ambili. Nyimbo anapeka ni Antonio Pinto wa ku Brazil.

Musanimve molakwa. Siniimba mlandu Rungano Nyoni, kapena anthu amene anapeka nyimbozo, pakuti anagwila nchito yabwino. Wotsogolela filimu amasankha munthu amene amukhulupilila, kulikonse kumene ali. Funso langa lili kwa ise: iye akanati afunefune mu Lusaka munthu wokhoza kuwelenga filimu yonse, kulemba manoti a oimba makumi awili, na kupeleka nchito pa tsiku lopangana, kodi tikanamulozela makomo angati? Ise amene timalila malilo masiku atatu na nyimbo za mawu anayi, popanda pepala olo limodzi, tilibe anthu okwanila oika kulila kumeneko m'filimu. Vuto si makutu athu. Vuto n'lakuti mwana akaonetsa makutu akuthwa, timamuuza kuti apite ku galaji.

Pamene ise tikunyoza, ena akukolola. Ludwig Göransson wa ku Sweden atapatsidwa nchito ya nyimbo za Black Panther, anakwela ndeke kupita ku Senegal, n'kuyenda na Baaba Maal, kujambula oliza ng'oma za kumeneko. Anapitanso ku South Africa kukamvetsela nyimbo zakale ku International Library of African Music, nkhokwe imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954. M'nkhokwe imeneyo mulinso nyimbo zimene zinajambulidwa kuno, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo Alick Nkhata, amene msewu wa dzina lake timapitamo tikamayenda ku Kalingalinga, anagwilapo nchito na Tracey. Mu 2019 Göransson analandila Oscar. Iye sanakambe kuti ng'oma ni vinthu va anthu akuda, sizinikhudza. Anaphunzila, analemba, analipidwa. Ise tikaona piyano timati si yathu, ndipo tikaona ng'oma ya agogo timati ni ya kumudzi, mwina ni ya ziwanda. Tatsala na ciani m'manja?

Ndiye tiikambe nkhani ya "vinthu va bazungu". Zoona, piyano inapangidwa ku Italy, na Bartolomeo Cristofori, ca m'ma 1700. Nanga gitala inapangidwa ku Matero? Paul Ngozi atainyamula n'kuililitsa monga galu wolumidwa na njuci, panalibe anamuuza kuti abweze kwa eni ake. Zamrock yonse, ya WITCH, Amanaz, Rikki Ililonga na Ngozi Family, inaimbidwa pa zida zocokela kunja, ndipo lelo dziko lonse limaidziwa kuti ni ya Zambia. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga cidutswa ca nyimbo ya Ngozi Family n'kuciika m'nyimbo yake. Mpila nawonso unabwela na azungu, koma Barbra Banda akamwetsa cigoli sitifunsa kumene mpila unacokela. Foni imene mukuwelengelapo nkhani ino sinapangidwe ku Chawama. N'cifukwa ciani pa zonse zimene zinabwela pa nyanja, ni piyano cabe na manoti zimene timaziopa?

Ndipo ngati ni nkhani ya mangawa, piyano ili na ngongole kwa ise. Kwa zaka zambili, makiyi oyela a piyano anali kukutidwa na minyanga ya njovu za mu Africa. M'zaka za m'ma 1800, Abisa na Acikunda anali kugulitsa minyanga yocokela ku zigwa za Luangwa na Zambezi, ndipo yambili inali kusenzedwa na akapolo kupita kugombe. Minyanga yambili ya kum'mawa kwa Africa inathela m'mafakitale a ku Connecticut, ku America, kumene anali kuiceka kukhala makiyi. Cida cimeneci cinadya njovu zathu na misana ya makolo athu. Kuuza mdzukulu wawo kuti alibe ufulu wokhalapo pansi n'kuciliza, ni kumubela kawili.

Za kuti ni nyimbo za apamwamba nazonso n'zabodza. Vivaldi uja amene anamveka m'filimu ya Rungano anali wansembe ku Venice, ndipo zaka zambili anali kuphunzitsa nyimbo pa nyumba yosungila atsikana amasiye na otayidwa. Nyimbo zake zambili anapekela ana amenewo. Ana a m'komboni a nthawi yawo, tingatelo. Nanga nyimbo ya fuko lathu, imene timaimba pa asembule Mande iliyonse? Maimbidwe ake anapeka ni Enoch Sontonga mu 1897, mphunzitsi komanso wotsogolela kwaya pa sukulu ya mishoni ya Methodist kufupi na Johannesburg. Munthu wakuda, wa coko m'manja monga ine. Cifukwa cakuti anailemba, inayenda kucoka m'kalasi lake mpaka kukhala nyimbo ya maiko angapo. Akanangoiimba pakamwa cabe, mwina ikanafela pa bwalo la sukulu.

Ndipo manoti si acilendo mu Lusaka. Makwaya a UCZ, a RCZ na a Sabata akhala akuwelenga do re mi kuyambila kale. A New Apostolic ali na magulu oliza mavayolini na malipenga, owelenga manoti a pa mizele isanu. Anyamata a Boys' Brigade na a Salvation Army amaliza malipenga m'misewu ya m'makomboni. Mabandi a asilikali na apolisi amawelenga pepala. Ku Evelyn Hone College kuli cigawo ca maphunzilo a nyimbo, ndipo sukulu ya Ngoma Dolce imaphunzitsa piyano na vayolini mu mzinda uno. Mbewu ilipo. Cimene cikusowa ni munthu wouza mwana kuti njila imeneyi imapitilila kuposa pa guwa la chalichi na pa pelete.

Amene amaopa kuti mwana akaphunzila piyano adzaiwala kwawo, amvele nkhani ya Akin Euba wa ku Nigeria, amene anamwalila mu 2020. Iye anaphunzila nyimbo ku London, koma anaona kuti piyano ni cida comenya, pakuti mkati mwake muli tunyundo tomenya nsambo. Anayamba kuipekela nyimbo zoiliza monga ng'oma, monga malimba, monga kalimba, ndipo ena ambili anatsatila njila yake. Ganizilani zimenezi: silimba ya Alozi na kalimba ya Ansenga nazonso ni makiyi oikidwa pa mzele, dzanja lamanja kukambilana na lamanzele. Mwana amene anakulila pa cinamwali na pa kwaya ya malilo ali kale na zimene ophunzila a ku Ulaya amavutika nazo zaka: kusunga magundidwe awili osiyana nthawi imodzi. Akafika pa piyano safika wopanda kanthu.

Kyle Shepherd wa ku Cape Town ni citsanzo ca kumene njilayi ingafike. Anabadwa mu 1987, ni wa msinkhu wanga. Anayamba na vayolini ali mwana, n'kusamukila ku piyano. Mu 2014 analandila mphoto ya Standard Bank Young Artist pa nyimbo za jazi. Kucoka apo analowa m'mafilimu: Noem My Skollie mu 2016, Fiela se Kind mu 2019, ndiyeno masewelo a pa Netflix monga Unseen. Anagwilanso nchito na William Kentridge pa sewelo la nyimbo limene linaonetsedwa m'maholo akuluakulu a ku Ulaya. Pa zonsezi sanataye magundidwe a ghoema a kwawo ku Cape, ndipo amalizanso uta wa pakamwa wa makolo a kumeneko. Onani mmene moyo wake wa nchito ulili: mwezi uno konsati, mwezi wamawa filimu, pakati apo kuphunzitsa na kujambula. Nyimbo imodzi sacezela gule. Wopeka nyimbo wa masiku ano amadya pa mbale zingapo, ndipo cimene cimagwilizanitsa mbalezo ni maphunzilo olimba a paubwana.

Wina adzati South Africa ni dziko lolemela. Cabwino, tiyeni ku Kinshasa. Mu 1994 Armand Diangienda, woyendetsa ndeke amene nchito inamuthela, anasonkhanitsa anthu a m'chalichi ca Kimbanguist n'kuyambitsa gulu lalikulu la zoimbila. Ambili anali asanagwilepo vayolini. Zida zinali zocepa, anali kubwelekana, ndipo nsambo ikaduka anali kuikapo waya wa mabuleki a njinga. Oimbawo anali ogulitsa pa msika, ometa tsitsi, okonza magetsi. Anafika poimba Beethoven pamaso pa khamu, ndipo mu 2010 kunatuluka filimu ya Kinshasa Symphony yofotokoza za iwo. Ku Korogocho, komboni ya pafupi na dzala lalikulu la Nairobi, kuli Ghetto Classics. Ku Maputo kuli Xiquitsi. Kodi Kinshasa ili na malaiti kuposa Lusaka? Kodi ku Korogocho kulibe njala?

Nadziwa yankho lalikulu limene likubwela, cifukwa nimalimva m'cipinda ca aphunzitsi: "Anthu akufa na kolela, unga wakwela, iwe ukamba za piyano. Piyano idyewa?" Nili na mayankho awili. Loyamba: mpila nawo sudyewa. Koma pano pa Bauleni pali BUSA, imene yakhala ikusonkhanitsa ana pa bwalo la fumbi kwa zaka zambili, ndipo palibe amene amati ayambe adikila kolela ithe. Mu 2024 Racheal Kundananji anagulidwa na timu ya ku America pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa mkazi aliyense m'mbili ya mpila. Zaka makumi awili kumbuyoku, mtsikana womenya mpila anali kunyozedwa mofanana na mmene tikunyozela mnyamata wanga lelo.

Laciwili: sininama kuti kupeka nyimbo ni njila ya ndalama zamsanga. Ni njila yovuta, ndipo ambili amene adzaiyamba adzathela pa kuphunzitsa, kuliza pa maukwati, kapena kupanga tunyimbo twa malonda a pa wailesi. Koma ni njila iti imene ili yosavuta? Ine n'namaliza digili n'kukhala zaka zinayi nikugulitsa thokutaimu, mpaka mu 2022 pamene boma linalemba aphunzitsi opitilila 30,000. Manesi angati ali kunyumba na mapepala awo? Magalaji angati ali kale mu Bauleni, ndipo amalimbilana mamotoka angati? Timakankhila ana onse pa makomo atatu odzala kale, n'kutseka khomo limene kulibe mzele. Masewelo monga Mpali na Zuba amafuna nyimbo. Makampani a mafoni, mabanki, mabungwe a zaumoyo, onse amapanga mavidiyo ofuna nyimbo. Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema imene nkhani yake imacitikila mu Lusaka, inafika pa Netflix mu 2023, ndipo nyimbo yake yotsegulila anaimba ni Sampa the Great. Msika ulipo ndipo ukukula. Funso n'lakuti ndalama yake idzatsala kuno kapena idzakwela ndeke.

Manje nichule olakwa, kuyambila kunyumba kwanga. Ise aphunzitsi ndise oyamba. Pa taimutebo pamakhala nthawi ya nyimbo na luso, koma mayeso akayandikila, ni nthawi imeneyo imene timalanda kuti tibwelezemo masamu. Nacitapo zimenezi na manja anga. Mwana wanzelu timamukankhila ku sayansi, ndipo amene tamuyesa wofooka ndiye timamuponya ku nyimbo, monga kuti ni dzala. Sukulu zambili za m'komboni zilibe olo kiyibodi imodzi, ndipo pamene ilipo imakhala yokhomeledwa mu ofesi, yotuluka tsiku la alendo cabe. M'mela mpoyamba. Zala zimene sizinaphunzile pa zaka khumi zimavutika pa zaka makumi awili.

Aciwili ni machalichi. Mu Bauleni, kiyibodi yabwino iliyonse ili m'chalichi. Kuyambila Mande mpaka Cisanu imagona m'bokosi, uku ana akuyendayenda m'misewu. Pa Sondo mumakama mnyamata maola asanu na limodzi, n'kumuuza kuti malipilo ake ali kumwamba, pamene wobweleketsa masipika mumamulipila pansi pompano. Simumutumiza kukaphunzila, cifukwa muopa kuti akadziwa zambili adzacoka. Ndipo atsikana muwaika ku maikolofoni na ku maluwa cabe. Ni liti pamene munaona mtsikana atakhala pa kiyibodi m'chalichi canu? Kodi zala zake n'zosiyana?

Acitatu ni imwe opanga mafilimu na mavidiyo. Muli na ndalama ya kamela, ya dilesi la mkwatibwi, ya mafuta a motoka. Ikafika nkhani ya nyimbo, mumatsitsa za mahala pa intaneti, zimene anthu masauzande anaziikapo kale pa mavidiyo a amphaka. Mayi wa ku Kanyama akulila mwana wake, pansi pake pakulila vayolini ya malonda a sopo. Mwina mumaitana mnyamata wa pa situdiyo, n'kumuuza kuti adzachuka, osamulipila, osalemba olo dzina lake kumapeto. Pambuyo pake mumadandaula kuti mu Zambia mulibe opeka nyimbo. Mbuzi imene simuipatsa msipu, musaifunse mkaka.

Acinayi ndimwe, anyamata a kiyibodi, ndipo nikamba monga mkulu wanu. Pa kiyibodi yanu pali kabatani ka transpose. Mumaliza nyimbo zonse mu F sharp, woimba akasintha mawu imwe mungodina kabatani. Mpingo sudziwa, koma imwe mudziwa. Tsiku limene adzakukhazikani pa piyano yeniyeni, yopanda mabatani, mudzatuluka thukuta. Makiyi alipo 12, ndipo muyenela kuwadziwa onse monga mudziwila tunjila twa m'komboni usiku. Lekani kukamba kuti manoti amapha mzimu wa nyimbo. Kudziwa kulemba kalata sikunaphepo munthu wodziwa kukamba. Mandanda amene mumathela pa TikTok angakutsitsileni MuseScore, pulogilamu yaulele yolembela manoti, komanso mabuku a nyimbo zakale masauzande amene ali pa IMSLP kwaulele. Cina, pitani kwa ambuye anu na foni, muwajambule akuimba za pa mtondo na za cinamwali zimene zololedwa kumveka poyela, muyese kuzipeza pa makiyi. Cuma canu cili pamenepo. Woliza Chopin bwino kuposa imwe alipo kale ku Warsaw. Wodziwa kuika kulila kwa malilo a Cinsenga pa piyano, dziko likali kumuyembekezela.

Sinipempha nyumba ya magalasi. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela la phungu aliyense, ndipo mbali ina ni ya maphunzilo a luso la manja. Timatumiza acinyamata kukaphunzila kusoka, kuwochelela na kuyendetsa mathilaki, ndipo n'zabwino. Ninji cingaletse kuti dela limodzi likhale na cipinda cimodzi, makiyibodi asanu a makiyi olemela, sola pa denga, kompyuta imodzi, na mphunzitsi mmodzi wocokela ku Evelyn Hone wolipidwa mwezi na mwezi? Mtengo wake sungafike pa wa motoka imodzi ya bwana. Makomiti a m'mawadi amalandila mapempho kwa anthu. Ngati palibe analembapo pempho lotele, n'cifukwa cakuti tonse tinavomeleza bodza lija. Tilembe. Abusa atsegule chalichi pa Citatu masana. Wopanga filimu aliyense aike mzele wa nyimbo mu bajeti yake, olo ukhale waung'ono, ndipo alembe dzina la wopeka. Mphunzitsi aleke kuba nthawi ya nyimbo. Palibe pa zinthu izi cofuna thandizo la kunja.

Msewu wa Leopards Hill umapita m'mbali mwa komboni yathu. Tsidya lina kuli nyumba za mipanda itali, ndipo m'nyumba zina muli mapiyano amene amayi a ku Bauleni amapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Amadziwa kulemela kwa civundikilo cake, amadziwa makiyi amene amamatila nthawi ya mvula. Ana awo sanaikepo cala. Ngati mwini nyumba wina akuwelenga nkhani ino, ndipo piyano yake yangokhala poikapo zithunzi za ukwati, adziwe kuti pali ana kutsidya kwa msewu amene angaiphunzile mpaka makiyi kutha.

Mnyamata wanga alemba mayeso kumapeto kwa caka cino. N'napitanso kwa atate ake, ulendo uno na foni m'manja, n'kuwaseweletsa nyimbo ya m'sewelo lija. Anamvetsela yonse, mutu uli pansi. Itatha anafunsa kuti: "Ni eve anapanga ivi, eka?" N'nati inde. Anakhala cete kanthawi, n'kuti ku galaji adzapitabe, cifukwa m'nyumba mufunika ndalama, koma pa Ciwelu masana amalume ake azimumasula. Conco pa Ciwelu paliponse timakumana m'kalasi lopanda anthu, na kiyibodi yobweleka ya makiyi 61, awili mwa iwo osalila. Ine manoti nimawadziwa pang'ono, a kwaya cabe, ndipo pofika Disembala iye adzakhala atanipitilila. Kabatani ka transpose tinakamata na selotepi. Sabata yatha kunabwela atsikana awili a Giledi 9, n'kuima pa windo kumvetsela. Tinawaitana kuti alowe, ndipo manje tikufuna kiyibodi yaciwili.